Madzi Akudontha M'nyumba ya Lendi ku Joni: Akonze Ndani, Alipire Ndani?

Pa mikangano yonse imene imabuka pakati pa eni nyumba ndi ife okhala pa lendi kuno ku Johannesburg, ya madzi ndiyo imatidyera ndalama mwakachetechete. Imayamba ndi kadontho pansi pa sinki, kabanga kachikasu pa siling'i, kapena chimbudzi chimene chimangoti shii usiku wonse. Pofika tsiku losamuka, a landilodi akuloza kabati yofufuma ndi khoma losupuka penti, n'kunena kuti dipoziti yonse yathera pomwepo.

Chimene chimatigwetsa nthawi zambiri si lamulo ayi. Lamulo la kuno limaika udindo waukulu pa mwini nyumba. Chimatigwetsa ndi kukhala chete. Timaopa kuti tikadandaula atikwezera lendi, atiuza kuti tichoke, kapena ayamba kutifunsa za mapepala. Ndiye timangotchera kandowa pansi pa paipi n'kumakataya m'mawa uliwonse. Miyezi ikamapita, kandowa kameneko n'kamene kamasandutsa mlandu wa mwini nyumba kukhala wanu, chifukwa wokhala pa lendi amene waona vuto koma osanena akhoza kulipitsidwa zonse zimene zaonongeka chifukwa cha kuchedwako.

Madzi akabooka, mlandu udikire kaye

Yambani ndi magetsi. Ngati madzi akutsika pa siling'i, akudutsa pa babu, kapena afika pa soketi, pitani pa bokosi la magetsi mukatsitse switchi yaikulu, manja ali ouma, nsapato zili kuphazi. M'nyumba zambiri zimene timakhala ku Rosettenville, Turffontein, Bertrams ndi Yeoville mawaya ndi akalekale, ndipo zingwe za magetsi zimayenda pansi kuchoka chipinda ichi kupita icho. Madzi ochepa pa simenti akhoza kupha mwana woyenda chosavala nsapato.

Kenako tsekani madzi. Potsekera madzi mupadziwe lero, osadikira tsiku la vuto pamene mukuthamanga ndi tochi ya foni pakati pa usiku. Pa nyumba yoima payokha pamakhala pafupi ndi mita, m'kabokosi ka pansi kufupi ndi geti, kapena pakhoma pamene paipi yaikulu ikulowera m'nyumba. Mu fulati yang'anani pansi pa sinki, m'bafa, kapena m'kakabati ka pa kolido kamene kiyi wake amasunga ndi caretaker. Masinki ndi zimbudzi zambiri zili ndi kavavu kakekake pamene payambira kapaipi kofewa kasiliva kaja. Mukakapotozera kumanja, madzi a pamenepo okha amaima, nyumba yonse n'kumamwabe. Amene muli m'chipinda cha kuseri pa yadi ya munthu, apempheni a mastandi, eni yadiyo, akuonetseni potsekera pa yadi yonse. Tsiku limene paipi idzaphulike iwo ali kuntchito, mudzapulumutsa katundu wanu ndi wawo.

Giza, thanki yotenthetsera madzi ndi magetsi ija, ili ndi dongosolo lake. Zambiri zimakhala m'denga, pamwamba pa siling'i, ndipo wamba zimasunga malita 150. Ikabooka, zimitsani kaye switchi yake pa bokosi la magetsi, chifukwa giza ikauma magetsi ali oyaka, chotenthetsera madzi chimapsa, n'kukhalanso nkhani ina yokanganirana. Mukatero tsekani madzi olowa, n'kutsegula mpopi wa madzi otentha m'bafa kuti mphamvu ya madzi itsike. Siling'i ikayamba kulendewera, tulutsani ana ndi katundu m'chipindamo. Mabodi aja akamwa madzi amagwa onse nthawi imodzi.

Musanagwire mopu, jambulani. Kanema wa mphindi imodzi woonetsa kumene madzi akuchokera, pamene afika, ndi katundu amene wanyowa ndi umboni woposa mawu a anthu khumi. Mukakolopa kaye, a landilodi adzapeza pansi pouma n'kunena kuti mukukokomeza.

Kudontha kobisika

Madzi othamanga aliyense amawaona. Ovuta ndi aja obisala m'khoma kapena pansi pa nthaka, amene mumangowadziwira pa bilu. Mita ndiyo imaulula. Tsekani mipopi yonse, auzeni anzanu a pa yadi asagujumule chimbudzi kwa ola limodzi, mujambule manambala a pa mita, ola likatha mujambulenso. Manambala akuda ndi makilolita, ofiira ndiwo amaonetsa malita. Akasuntha pamene palibe amene watunga, madzi akutayika penapake. Tiyerekeze kuti yasuntha ndi malita 20 pa ola: pa tsiku ndi malita 480, pa mwezi ndi malita 14,400, kuposa makilolita 14. Ndipo mitengo ya madzi mu mzinda uno imakwera ndi masitepe, kilolita ya pamwamba imadula kuposa ya pansi, choncho madzi otayikawo mumawagula pa mtengo wowawa.

Wakuba wamkulu kawirikawiri ndi chimbudzi. Tsegulani chivundikiro cha thanki. Ngati madzi afika pakamwa pa kapaipi kotayira, vavu ya mpira woyandama ija yatopa. Ngati sanafike, thirani m'thankimo tiyi wakuda kwambiri kapena kala ya zakudya, mudikire mphindi 20 osagujumula. Mtundu ukaonekera m'mbale ya chimbudzi, labala ya pansi pa thanki yatha. Ndi kachinthu kotchipa, koma kakhoza kukweza bilu ya yadi yonse.

Kunja kwa nyumba kuli timapaipi totuluka m'denga tochokera ku giza. Kena kamadontha pang'ono pamene madzi akutentha, zimenezo n'zachibadwa. Koma kakamachucha usana ndi usiku osalekeza, vavu yochepetsa mphamvu ya madzi yafa. Kukamatuluka madzi otentha kapena nthunzi, zimitsani giza nthawi yomweyo ndipo imbirani mwini nyumba. Pamenepo giza ikutentha mopyola muyeso. Kapaipi kochokera m'mbale yotchinjiriza ya pansi pa giza kakayamba kudontha, ndiye kuti gizayo yayamba kuchucha, siling'i ikadali youma chifukwa cha mbaleyo basi.

Pa khoma lonyowa ndi pamene mkangano umakula, chifukwa eni nyumba amakonda kunena kuti ndinu amene simutsegula mawindo. Nthawi zina amanena zoona. Mu June ndi July, chipinda chimodzi chogona anthu atatu, chophikiramo, choyanikamo zovala, hita ya palafini ikuyaka, mawindo otseka chifukwa cha chisanu cha kuno, chimachita thukuta pakhoma, ndipo nkhungu yakuda imamera m'makona ndi kuseri kwa wadilopu. Imeneyo njanu yopukuta. Koma banga lokhala pamalo amodzi, lonyowa chilimwe ndi dzinja lomwe, penti ikutukusira, makamaka pakhoma limene kuseri kwake kuli bafa kapena khitchini, limenelo ndi paipi. Lomwe limabwera ndi mvula yokha, kuyambira October mpaka March, ndi denga kapena ngalande za padenga zodzaza masamba ndi matalala. Chinyezi chokwera kuchokera pansi n'kusiya ufa woyera ngati mchere ndi vuto la kamangidwe. Zitatu zomalizazi si zanu.

Alipire ndani

Funso lofunsa ndi limodzi: chayambitsa n'chiyani? Chinthu chikatha chifukwa cha ukalamba, dzimbiri, chisanu kapena kamangidwe, ndi cha mwini nyumba. Chikaonongeka chifukwa cha dzanja lanu, la mwana wanu kapena la mlendo wanu, ndi chanu.

Lamulo lalikulu ndi Rental Housing Act la mu 1999, ndipo chigawo cha Gauteng chili ndi malamulo ake a mu 2001 otchedwa Unfair Practices Regulations. Pamodzi ndi malamulo akale a za lendi a dziko lino, onsewa amanena chimodzi: mwini nyumba apereke nyumba yoyenera kukhalamo anthu, ndipo aisamale kuti ikhalebe choncho nthawi yonse ya lendi. Giza yobooka, mapaipi a chitsulo odyeka dzimbiri amene adzaza m'nyumba zakale za ku Mayfair ndi Berea, paipi yophulika ndi chisanu, denga lodontha, mizu ya jacaranda yolowa mu paipi ya zonyansa, paipi ya kopa imene akuba adula usiku, zonsezi ndi zake. Wokhala pa lendi asamale nyumba, anene msanga pakaonongeka kanthu, alole wokonza kulowa pa nthawi yogwirizana, ndipo adzabweze nyumba mmene anaipezera kupatula kutha kwachibadwa.

Tsono tinene zathu mosabisa. Mwakhoma msomali wa katani kapena mwaboola khoma kuti mupachike TV, n'kulasa paipi: yanu. Mwalumikiza nokha makina ochapira, paipi yake n'kuzuka: yanu. Mwana wakwera pa sinki n'kuigwetsa: yanu. Dreni ya m'khitchini ndiyo imatichititsa manyazi kwambiri. Poto wa nsima tamuviika usiku, m'mawa nkhoko zafewa, timakhuthulira zonse mu sinki pamodzi ndi mafuta otsala a nkhuku. Mafuta amagwirana mu paipi yozizira, nkhoko zimakakamira pamenepo, pakatha milungu madzi ayamba kubwerera. Nkhoko zipite m'bini, mafuta m'kabotolo. Chimodzimodzi matewera a ana, timapepala tonyowa topukutira, nyuzipepala ndi mapadi m'chimbudzi. Pulambala akabwera kudzatsegula dreni, imani pomwepo muone chimene watulutsa, muchijambule. Ikatuluka mizu, bilu ndi ya mwini nyumba. Likatuluka thewera pa yadi ya mabanja asanu, a mastandi sangaloze inu nokha popanda umboni.

Pali msampha wina wa kuno ku Joni umene wagwira anthu ambiri osamala. Madzi amathima, kaya Rand Water ikukonza mapaipi ake akuluakulu, kaya Johannesburg Water yatseka dera chifukwa paipi yaphulika mumsewu. Mumatsegula mpopi kuti muone ngati abwera, mulibe, n'kuuiwala chotsegula. Mwapita kuntchito. Madzi abwera 10 koloko m'mawa, sinki ili ndi mbale zotseka potulukira, pofika madzulo fulati yasefukira mpaka kwa a pansi panu. Madzi akatayika saoleka, ndipo mlandu umenewo ndi wanu wonse, palibe pothawira. Madzi akathima, zungulirani mipopi yonse musanatuluke, ndipo muzimitse giza mpaka atabwerera bwinobwino. Komano madzi akamabwerera amabwera ndi mphamvu ndi mpweya, ndipo paipi yofooka kapena kapaipi kasiliva kadzimbiri kamaphulika nthawi imeneyo. Zikatero mipopi ili chitsekere, si inu.

Werenganinso pepala la mgwirizano, lija timati lease. Ambiri amalemba kuti tizinthu ting'onoting'ono monga labala ya mpopi ndi kutsegula dreni ya mkati ndi za wokhala pa lendi, ndipo zimenezo n'zololeka. Koma musavomere kuti chiganizo chimenecho achikoke mpaka chifike pa giza kapena pa paipi ya m'khoma. Amene mulibe pepala musataye mtima: mgwirizano wa pakamwa ndi wovomerezeka, ndipo lamulo likuti mukapempha, mwini nyumba aulembe. Likutinso akupatseni lisiti la ndalama iliyonse imene mwalipira. Ngati mumapereka pamanja, pemphani lisitilo mwezi uliwonse, kapena lipirani kudzera ku banki kuti pakhale mapazi.

Malire a Johannesburg Water ndi mita. Kuchokera mumsewu kufika pa mita ndi zawo. Kuchokera pa mita kulowa m'yadi ndi za mwini malo. Madzi akamatumphuka panjira kapena mita yabedwa, aliyense akhoza kuwauza, ndipo musunge nambala imene akupatseni.

M'mafulati a ku Hillbrow, Windsor East ndi kwina, kumene fulati iliyonse ili ndi mwini wake, nkhani imapota. Madzi akuchokera kwa a pamwamba panu, caretaker akuti lankhulani ndi eni ake, eni ake akuti ndi za body corporate, bungwe la eni mafulati onse a m'nyumbamo, ndipo inu mukugona ndi beseni pabedi. Lamulo la mu 2011 loyendetsera mafulati otere limagawa motere: za mkati mwa fulati ndi za mwini fulatiyo, pamodzi ndi giza imene imatumikira fulati yakeyo, denga, makoma a kunja ndi mapaipi otumikira anthu onse ndi za body corporate. Koma inu musadzilowetse m'katatu kameneka. Mgwirizano wanu uli ndi amene mumamupatsa lendi. Iyeyo ndiye athamangitse body corporate kapena mwini wa pamwamba, ndipo akakanika pali ofesi ya CSOS imene imaweruza mikangano ya m'mafulati. Inu muuzeni iye, muuzenso caretaker, basi.

Ambiri a ife sitimudziwa n'komwe mwini nyumba weniweni. Timachita lendi chipinda kwa Mmalawi mnzathu amene anatenga nyumba yonse n'kuigawa. Pamenepo landilodi wanu ndi iyeyo, ngakhale mumapemphera tchalitchi chimodzi kapena mzikiti umodzi. Vuto ndi loti iye amaopa kuitana mwini wake chifukwa akadzaona kuti m'nyumba ya zipinda zitatu mukukhala mabanja asanu ndi limodzi. Ndiye amangoti, "Achimwene, pirirani pang'ono, tiona kumapeto a mwezi." Ndimamvetsa mantha akewo, koma siling'i siidikira kumapeto a mwezi. Muyankheni mwaulemu, "Akulu, ndamva, koma ndikulemberani pa WhatsApp kuti tonse tisadzaiwale tsiku," n'kulembadi.

Uthenga umene umakutetezani

Kuimba foni n'kwabwino pa changu, koma mawu a pakamwa amauluka. Tsiku lomwelo tumizani uthenga wolemba, pa WhatsApp kapena imelo, m'Chingerezi chosavuta. Mulembe adiresi ndi nambala ya chipinda, tsiku ndi nthawi imene mwaona vuto, pamene madzi akuchokera, zimene mwachita kale monga kutseka madzi ndi magetsi, katundu amene wanyowa, ndi nthawi imene muli pakhomo kuti pulambala alowe. Muphatikize zithunzi. Musatukwane, musaopseze, musalembe mbiri ya zonse zimene anakulakwirani chaka chatha. Uthengawu tsiku lina udzawerengedwa ndi woweruza. Mauthenga a mawu apeweni, ndipo mujambule sikirini yoonetsa kuti walandira, chifukwa mafoni kuno amabedwa. Zithunzizo zitumizeninso ku imelo yanu kapena kwa m'bale.

Pakapita masiku osayankhidwa, lembaninso, nthawi ino mutchule tsiku limene mukufuna kuti akhale atakonza. Paipi yophulika kapena chimbudzi chosefukira ndi za lero lomwe; mpopi wodontha ukhoza kudikira sabata.

Uthenga umenewu uli ndi ntchito ina yaikulu. Inshulansi ya mwini nyumba, kapena ya body corporate, imalipira nyumba: giza, siling'i, makabati omangirira kukhoma. Siilipira matiresi anu, TV yanu, kapena makatoni aja mwakhala mukusonkhanitsa kunsi kwa bedi chaka chonse, mabulangete, nsapato za ana ndi mapoto oti a thiransipoti adzatengere kumudzi mu December. Giza yooneka yabwinobwino ikangophulika mwadzidzidzi, n'kovuta kumulipitsa mwini nyumba katundu wanu, popeza nayenso sanadziwe. Koma ngati munamuuza kuti ikudontha, iye n'kunyalanyaza, kenako n'kuphulika, pamenepo muli ndi poimira. Mlandu wonse umatsamira pa funso lakuti ankadziwa kapena ayi, ndipo yankho lake ndi uthenga wanu uja wokhala ndi tsiku. Pa chifukwa chomwechi, katundu wa kumudzi muzimuika pa mapaleti kapena pa njerwa, osati pa simenti, ndipo pasipoti, pemiti, makadi a kuchipatala ndi masatifiketi a ana azikhala m'pepala la pulasitiki lomanga bwino, pamwamba pa wadilopu.

Akakana kukonza

Apa mtima umati, ndisiya kulipira lendi aone. Chonde musatero. Ma lease ambiri ali ndi chiganizo choti lendi ilipidwe yonse popanda kuchotserapo kanthu, ndipo mukangodumpha mwezi, nkhani imasiya kukhala ya paipi, imasanduka ya ngongole. Mwamupatsa nokha chifukwa chothetsera mgwirizano. N'zoona kuti lamulo limalola kuti lendi itsike ngati gawo la nyumba silikukhalika, koma kuchuluka kwake mugwirizane molemba kapena aweruze a Tribunal, bwalo la boma loona madandaulo a za lendi, osati kudziweruzira nokha.

Eni nyumba ena amati, "Pezani munthu akonze, mudzachotse pa lendi." Zabwino, koma alembe, atchule ndi ndalama yake. Mutumizireni mtengo wa pulambala kaye, avomere, ndipo musunge malisiti a zipangizo ndi a ntchito. Pa labala ya mpopi kapena vavu ya chimbudzi, m'bale wathu wodziwa za mapaipi akhoza kugwira ganyuyo. Pa giza ayi. Giza imafuna pulambala wolembetsedwa ku PIRB, bungwe lolembetsa mapulambala, amene amapereka satifiketi yoti ntchito yatsata muyezo, ndipo ikaikidwa ndi munthu wamba, a inshulansi ndi opanga giza akhoza kukana kulipira ikadzaonongekanso, mwini nyumba n'kukutembenukirani inu.

Njira yeniyeni ndi Gauteng Rental Housing Tribunal, imene ofesi yake ili m'tauni mwa Johannesburg. Kudandaula kumeneko n'kwaulere ndipo sikufuna loya. Mutenge pasipoti kapena pemiti, lease ngati ilipo, umboni wa malipiro, mauthenga, zithunzi, ndi adiresi ndi foni ya mwini nyumba. Amayamba ndi kukuyanjanitsani. Zikakanika amakhala pansi n'kuweruza, ndipo chigamulo chawo chili ndi mphamvu ngati cha khoti la majisitireti. Chimene ambiri sitidziwa ndi ichi: kuyambira tsiku limene dandaulo lalembetsedwa, kufikira chigamulo kapena miyezi 3, chimene chingayambe kufika, mwini nyumba saloledwa kukutulutsani, ayenera kukonza zofunikira, ndipo inu mupitirize kulipira lendi. Mu 2012 khoti la Constitutional Court, pa mlandu wa Maphango wokhudza anthu a pa lendi ku Braamfontein, linatsindika kuti Tribunal ili ndi mphamvu yoona ngati mwini nyumba wachita zosalungama ngakhale pamene lease ikuoneka kuti ikumulola.

Ena akakwiya amakutsekerani madzi, amadula magetsi, kapena amasintha loko. Zimenezo ndi mlandu pansi pa Rental Housing Act, ndipo chilango chake ndi faindi kapena ndende mpaka zaka 2. Kutulutsa munthu m'nyumba popanda chilolezo cha khoti kumaletsedwa ndi gawo 26 la malamulo aakulu a dziko lino komanso lamulo la PIE la mu 1998, ndipo mawu a pamenepo amanena za munthu aliyense, osati nzika zokha. Ndikudziwa kuti amene mapepala ake sali bwino amamva zimenezi ngati nthano. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, musanapite ku ofesi ya boma iliyonse yambani mwakafunsa nzeru kwa Lawyers for Human Rights, SERI, ProBono.Org kapena Wits Law Clinic, amene amathandiza anthu osauka pa nkhani zotere.

Pali nyumba zina m'tauni zimene malangizo onsewa sagwira: zija zolandidwa ndi zigawenga, kumene amene amatolera ndalama si mwini wake ndipo sadzakonza kanthu. Madzi a zonyansa amadikha pansi, mawaya okokera mwakuba akulendewera pamwamba pake. Moto wa pa nyumba ya Usindiso ku Marshalltown pa 31 August 2023 unapha anthu 76, pakati pawo abale athu a ku Malawi. Kumalo otere musataye nthawi ndi kulemba makalata. Sungani ndalama ya dipoziti ya kwina, muchoke.

Ngakhale pa nyumba yabwino, nthawi zina kuchoka ndiko kwanzeru, makamaka mwana akayamba kutsokomola ndi chinyezi. Ngati muli pa lease ya nthawi yoikika ndi munthu amene amachititsa lendi ngati bizinesi, Consumer Protection Act ya mu 2008 imakulolani kuthetsa mgwirizano popereka notisi yolemba ya masiku 20 ogwira ntchito, ngakhale akhoza kukulipitsani kachilango koyenera.

Bilu ndi dipoziti

Bilu ya madzi ikakwera mwadzidzidzi, pemphani kuona pepala lenileni la ku City of Johannesburg, osati nambala yolembedwa pa kapepala. Mwini nyumba saloledwa kudyapo phindu pa madzi. Yerekezani ndi miyezi ya m'mbuyo: ngati yadi yonse inkathera makilolita 25 ndipo tsopano ndi 60 anthu ali omwewo, kusiyanako ndi kwa kudontha. Ngati paipi ya pansi pa nthaka ndiyo yabooka, kapena munanena za chimbudzi iye osakonza, lipirani zimene mumalipira nthawi zonse, zotsalazo muzikane molemba. Ngati chimbudzi chinkalira miyezi itatu m'chipinda mwanu inu osanena, konzekani kugawana naye.

Dipoziti imatetezedwa tsiku lolowa. Lamulo likuti inu ndi mwini nyumba muyendere limodzi nyumbayo musanalowe, n'kulemba zonse zoonongeka. Tsegulani kabati ya pansi pa sinki, mugwire thabwa la pansi ngati lafufuma, mununkhize. Yang'anani siling'i ya m'bafa ndi ya pa kolido. Penti yatsopano pa kachigawo kamodzi kokha imabisa banga. Gujumulani chimbudzi mudikire chikhale chete. Jambulani mita. Zonse zilembedwe, nonse musaine.

Potuluka, kuyenderanso kuchitike mkati mwa masiku 3 mgwirizano usanathe, nonse mulipo. Dipoziti imayenera kusungidwa ku akaunti yobereka chiwongoladzanja, ndipo chiwongoladzanjacho ndi chanu. Ngati palibe chochotsera, akubwezereni pasanathe masiku 7. Ngati pali zokonza zimene ndi zanu, achotse ndalama yeniyeni imene wagwiritsa ntchito, akuonetseni malisiti, yotsalayo ibwere pasanathe masiku 14 nyumba itabwerera m'manja mwake. Mukakana kupezeka pa kuyenderako, iye ayendera yekha ndipo ali ndi masiku 21, choncho musathawe usiku ndi katundu pa galimoto. Koma iyeyo akapanda kuyendera nyumba pamaso panu, lamulo limatenga kuti wavomereza kuti nyumba ili bwino, ndipo abweze dipoziti yonse ndi chiwongoladzanja chake.

Akaumirirabe, dandaulo la dipoziti limalandiridwa ku Tribunal ngakhale mutasamuka kale. Pa katundu wanu woonongeka palinso Small Claims Court, imene imapezeka ku makhoti a majisitireti ndipo imamva milandu ya ndalama zochepa (mu 2019 malire ake anaikidwa pa R20,000), popanda maloya. Musanakasume mumayamba mwapereka kalata yomupatsa masiku 14 kuti alipire, ndipo kalaliki wa pakhotipo amathandiza kuilemba. Pokaonekera mutenge mauthenga aja mutawasindikiza pa pepala motsatana masiku, zithunzi, ndi malisiti kapena mitengo ya m'sitolo ya chinthu chilichonse chimene chinanyowa.